Ndasiya nsima, tsono akuti nyama nayo imasanduka shuga. Kodi ndichepetse ndiwo?

Funso: Ndine bambo wa zaka 53, ndimakhala cha ku Santhe kuno ku Kasungu, ndimalima fodya ndi mtedza. Anandipeza ndi matenda a shuga zaka zinayi zapitazo ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Msinkhu wanga ndi mita 1.68. Ndinkalemera makilogalamu 89, pano ndili pa 85. Patha masabata asanu ndi limodzi chisiyireni nsima, mbatata ndi tiyi wa shuga. Ndikudya mazira, usipa, nyama ya mbuzi, masamba ndi mtedza. Mwana wanga wa ku Lilongwe ananditumizira timapepala toviika mu mkodzo toonera ma ketone, zinthu zimene thupi limapanga kuchokera ku mafuta munthu akasiya sitachi. Poyamba tinkasintha mtundu kwambiri, koma masiku ano sitikusintha, ndipo shuga wa m'mawa wakwerako kufika 135. Mwanayo akuti anawerenga pa Facebook kuti nyama ikachuluka imasanduka shuga, choncho ndichepetse ndiwo zanyama n'kumawonjezera mafuta, ngakhale kumwa pa supuni. Kodi n'zoona? Komanso kawiri konse ndanjenjemera n'kutuluka thukuta ndili kumunda cha m'ma 11 koloko.

Yankho: Bambo, za nyamazo tiyankha, koma tiloleni tiyambire kumapeto kwa kalata yanu, poti m'pamene pagona ngozi. Kunjenjemera ndi thukuta la 11 koloko lija zikuonetsa kuti shuga anatsika kwambiri, ndipo chimene tikuchiloza chala ndi glibenclamide. Mankhwala amenewa amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Mlingo umene anakulemberani unali wa munthu wodya mitanda itatu ya nsima masana, ina itatu madzulo. Inu mwachotsa nsimayo, mapiritsi mwawasiya momwemo, kenako mwatenga khasu. Shuga sangalephere kugwa.

Musadikire tsiku limene linalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Pitani sabata yomwe ino ku kiliniki kumene mumalandirira mankhwala, mukawauze mosabisa kuti munasiya nsima. Munthu akachepetsa sitachi chonchi, glibenclamide ndiye amayamba kuchepetsedwa kapena kuchotsedwa, pamene metformin kawirikawiri amatsala, chifukwa payekha sagwetsa shuga mopitirira. Chigamulo chimenecho n'cha amene akukuonani, atawerenga manambala anu. Pamene mukudikira, m'mawa wopita kumunda muzidyako kambatata kakang'ono kapena kapu ya phala losathira shuga, ndipo m'thumba musamasowe kapepala ka shuga.

Zikakuchitikiraninso, kapena kamakina koyezera shuga kakaonetsa nambala yochepera 70 (pa makina owerengera mu mmol ndi 3.9), sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi n'kumwa, kapena imwani theka la botolo la Fanta. Khalani pamthunzi mphindi 15, yezaninso, ngati sanakwere bwerezani. Mukapezako bwino idyani chokhutitsa pang'ono, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kugwanso masana omwewo kapena usiku. Amayi kunyumba adziwenso izi: mukakomoka asakumwetseni kanthu, angokugonekani cham'mbali, apake shuga mkati mwa tsaya, athamange nanu kuchipatala. Ndipo pa nthawi ngati imeneyo musataye nthawi ndi dzira, nyama kapena mtedza. Sizikweza shuga mwamsanga. Mfundo imeneyi ikuyankha kale theka la funso la mwana wanu.

Iye sananame kotheratu. Chiwindi chimathadi kupanga shuga kuchokera ku zinthu zimene si shuga, ndipo zina mwa zinthuzo ndi tizidutswa ta mapuloteni totchedwa ma amino acid. Ntchito imeneyi imatchedwa gluconeogenesis, ndipo ndi imene yakusungani masabata onsewa, pakuti maselo ofiira a m'magazi sadya china koma shuga, ndipo ubongo umafunabe shuga wina ngakhale utazolowera ma ketone. Kungoti anthu amachiganizira chiwindi ngati chigayo, choti ukathira ndowa ziwiri za chimanga utapa ufa wa ndowa ziwiri. Sichigwira ntchito motero. Chimapanga shuga pang'onopang'ono tsiku lonse, molamulidwa ndi insulini ndi mnzake glucagon, homoni yokweza shuga, ndipo kuwonjezera nthuli ya nyama m'mbale kumasintha liwirolo pang'ono chabe.

Zimenezi zinayezedwa. M'chaka cha 2001, Mary Gannon ndi Frank Nuttall a ku Minneapolis ku America anadyetsa anthu a shuga wa mtundu wachiwiri, ngati wanuyu, nyama ya ng'ombe yokhala ndi magalamu 50 a mapuloteni. Pa maola asanu ndi atatu, shuga wowonjezera amene analowa m'magazi anali pafupifupi magalamu awiri okha. Mu 2013 ofufuza a ku France anapatsa anthu athanzi mazira okhala ndi magalamu 23 a mapuloteni, ndipo pa magalamu pafupifupi 50 a shuga amene thupi linapanga m'maola asanu ndi atatu, ochokera ku mazirawo anali ngati anayi. Yerekezani ndi mtanda umodzi waukulu wa nsima, umene ungathe kukulowetserani magalamu 40 kapena 50 m'maola awiri okha.

Nanga mantha a nyamawa anachokera kuti? Kadyedwe kotchedwa keto, kochepetsa kwambiri sitachi n'kuchulutsa mafuta, sikanayambire pa matenda a shuga. Dokotala Russell Wilder wa ku Mayo Clinic anakatchula dzinalo mu 1921 pofuna kuthandiza odwala khunyu, makamaka ana. Kuti khunyu lichepe pamafunika ma ketone ochuluka tsiku lonse, choncho anawo amapatsidwa magawo anayi a mafuta pa gawo limodzi la mapuloteni ndi sitachi pamodzi, zonse zoyezedwa pa sikelo. Lamulo lochepetsa mapuloteni ndi la kumeneko. Pa intaneti lafalikira ngati la aliyense. Inu simukuchiza khunyu, mukufuna shuga akhazikike ndipo mimba iphwe, ndipo zimenezo sizidalira kuchuluka kwa ma ketone.

Choona chake n'chakuti mapuloteni amadzutsa insulini pang'ono, ndipo insulini ikakwera chiwindi chimachepetsa kupanga ma ketone kwa maola angapo. Munthu amene wadya kanyenya wambiri madzulo akhoza kupeza ma ketone atsika m'mawa mwake. Palibe chimene chawonongeka pamenepo. Amene ayenera kusamala kwenikweni ndi amene kapamba wawo akutulutsa insulini yochepa kwambiri kapena sakutulutsa n'komwe: a shuga wa mtundu woyamba, amene akhala ndi matendawa zaka zambiri mpaka kufika pa jakisoni, ndi ena owonda chiyambire. Kwa iwowa glucagon imakwera popanda insulini yoiletsa, ndipo akadya mapuloteni ochuluka nthawi imodzi, magalamu 75 kapena kuposa, shuga amakwera mochedwa, patatha maola atatu mpaka asanu. Inu, ndi makilogalamu 85 ndi zaka zinayi zokha za matendawa, mwachionekere simuli m'gulu limenelo, koma mungathe kudzitsimikizira nokha. Tsiku lina madzulo idyani nyama ndi masamba basi, yezani musanadye, yezani patatha maola awiri, yezaninso patatha maola anayi. Timizere toyezera shuga titatu tokha. Nambala zikakhala pafupipafupi, nkhani ya nyama yatha.

Za timapepala ta mu mkodzo

Thupi limapanga ma ketone a mitundu itatu. Timapepala tanu timaona umodzi wokha, acetoacetate, ndipo timaona wotayika, amene impso zataya. M'masabata oyamba thupi limakhala lisanazolowere kuwagwiritsa ntchito, ndiye ambiri amatuluka mu mkodzo, kapepala n'kuda. Pakapita masabata angapo minofu ndi ubongo zimawadya bwino, impso zimawabweza m'magazi, ndipo ochuluka amakhala a mtundu wina, beta-hydroxybutyrate, umene kapepala sikauona. Kuyera kwa kapepala pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndi chinthu chimene timachiyembekezera. Onjezerani kuti mukamwa madzi ambiri mkodzo umasungunuka, ndiponso timapepalati timafa tikapuma mpweya: botolo likatsegulidwa, pakatha miyezi isanu ndi umodzi musatikhulupirire, ndipo likamakhala pawindo m'nyengo yotentha ya Okutobala timafa msanga kuposa apo. Glibenclamide nayenso, pokweza insulini, amatsitsa ma ketone.

Kamakina koyeza ma ketone m'magazi ndiko kamanena zoona. Pa munthu wochepetsa sitachi kamaonetsa pakati pa 0.5 ndi 3.0 mmol/L. Koma timizere take n'todula ndipo n'tosowa, ndipo maganizo athu ndi akuti ndalama imeneyo ipite ku timizere toyezera shuga. Timapepala ta mu mkodzo musataye, tili ndi ntchito ina imene tiitchula kutsogoloku.

Shuga wa m'mawa wa 135 asakusowetseni tulo. Mulingo umene ambiri amaupatsidwa ndi 80 mpaka 130 musanadye, ndi kuchepera 180 patatha maola awiri mutadya. Makina a kunyumba amaloledwa kuphonya ndi magawo 15 pa 100 alionse, kotero 135 ndi 125 akhoza kukhala magazi amodzimodzi. Chinanso, kuyambira m'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni okudzutsani, ndipo amenewa amauza chiwindi kuti chitulutse shuga. Kwa anthu ambiri osiya sitachi, nambala ya m'mawa ndiyo imakhala yaikulu pa tsiku lonse. Chimene chingakuuzeni ngati kadyedweka kakugwira ntchito ndi HbA1c, kuyeza kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Ambiri amafuna akhale pansi pa 7. Ndipo musanabaye chala sambani ndi sopo n'kupukuta. Chala chimene chagwira mango kapena mzimbe chimanamiza makina.

Tsono mudye mapuloteni ochuluka bwanji?

Powerengera sitigwiritsa ntchito makilogalamu 85, chifukwa mafuta a pamimba safuna mapuloteni. Timatenga kulemera koyenera msinkhu wanu, kumene pa mita 1.68 ndi pafupifupi makilogalamu 70. Mulingo wotsikitsitsa wa munthu wamkulu ndi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse, kwa inu 56 pa tsiku. Umenewo ndi wongoti thupi lisaperewedwe. Munthu wa zaka zoposa 50, amene akuchepetsa thupi uku akulima, amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.5 pa kilogalamu, kutanthauza 84 mpaka 105 pa tsiku. Chifukwa chake ndi minofu. Shuga wambiri amene amachoka m'magazi mukadya amalowa m'minofu. Mukamaonda uku mukudzimana mapuloteni, thupi limadya minofu yake yomwe, sikelo imatsika n'kumakusangalatsani, koma nkhokwe yosungira shuga ikuchepa ndipo khasu likulemera.

Nambala zimenezi zili ndi chotchinga chimodzi, impso. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amawononga impso mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse. Musanakhazikike pa magalamu 100, pemphani kuti akuyezeni creatinine m'magazi, akuwerengereni eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndiponso aone ngati mu mkodzo mukutuluka mapuloteni. Ngati kumene mumapita kulibe zipangizo, akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu. eGFR ikakhala pansi pa 60 mobwerezabwereza, kapena mkodzo ukapezeka ndi mapuloteni, mulingo wanu ubwerera pa 0.8, ndipo kudya nyama ndi usipa mochuluka kuyenera kuleka. Nambala yomweyo imalamulanso metformin: pansi pa 45 amachepetsedwa, pansi pa 30 amasiyidwa. Kwa owerenga amene akumwanso ma ARV, kuyezaku n'kofunika kwambiri, chifukwa tenofovir amatha kukhudza impso ndipo dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi.

Anthu ambiri amasokonezeka pa chinthu chimodzi chaching'ono. Magalamu 100 a nyama si magalamu 100 a mapuloteni. Nyama yaiwisi yambiri ndi madzi, mapuloteni ake ndi pafupifupi magalamu 20 pa 100 alionse, ikapsa n'kunyala amafika 25 mpaka 30. Ndiye theka la kilogalamu ya mbuzi ya pamsika, mukachotsa mafupa, silifika n'komwe pa magalamu 100 a mapuloteni. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Usipa, matemba ndi kapenta zouma ndiye katundu weniweni, pafupifupi magalamu 60 pa 100, chifukwa madzi anachoka, ndipo mumadya ndi minga yomwe, imene ili ndi calcium. Matondo ouma, kwa amene ali kufupi ndi nkhalango ya Kasungu nyengo yake ikafika, oposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Ngumbi ndi mbewa zilibe sitachi yoti n'kuiwerenga.

Tsiku lanu likhoza kuyenda chonchi. Kadzutsa, mazira atatu okazinga ndi tomato mmodzi ndi mpiru, theka la peyala, tiyi wopanda shuga: magalamu 18. Nkhomaliro, usipa wouma wolemera magalamu 40 ndi mbale yodzaza ya nkhwani wotendera ndi masupuni awiri a nsinjiro: pafupifupi 28. Chakumadzulo, mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, magalamu 30: mupezamo 7. Mgonero, nkhuku kapena mbuzi yophika yaikulu ngati chikhatho chanu, magalamu 120, ndi kabichi kapena therere: kupitirira 30. Mukaphatikiza ndi zochepa za m'masamba mwafika cha m'ma 90. Onani kuti tawagawa kanayi. Thupi limagwiritsa bwino ntchito magalamu 25 mpaka 35 pa chakudya chilichonse kusiyana ndi kusala tsiku lonse n'kudzagwira nkhuku yathunthu usiku, ndipo njala siivuta. Simufunika kukhala ndi sikelo m'khitchini. Pitani kamodzi pa golosale yokhala ndi sikelo ya manambala, yezani magalamu 40 a usipa ndi 30 a mtedza, thirani m'kapu yanu ya kunyumba, ikani chizindikiro. Basi.

Ma ketone akazimiririkadi, nthawi zambiri wakuba amakhala sitachi yobisala, ndipo kuno kwathu imabisala m'zakudya zimene timaziona ngati ndiwo. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi zabwino, koma nyemba zophika zolemera magalamu 100 zili ndi mapuloteni 9 ndi sitachi yoposa 20. Mbale imodzi yadzaza kale mulingo wa tsiku wa munthu wa keto, umene ndi magalamu 20 mpaka 50. Soya ndi wosiyana: wophika ali ndi mapuloteni pafupifupi 17 ndi sitachi yosafika 10, choncho kwa mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji ndiye nyama yotsika mtengo, bola aphikidwe mpaka apse bwinobwino. Ma soya pieces a m'mapaketi ali ndi mapuloteni pafupifupi theka la kulemera kwake akadali ouma, koma ali ndi sitachi ndithu, ndipo tizokometsera ta m'katimo n'todzaza mchere. Kapu ya mkaka ili ndi mapuloteni 8 ndi shuga wake wachilengedwe 12, chambiko n'chocheperako pang'ono. Thobwa, mahewu, uchi, chimanga chootcha, nthochi ndi mango, zonsezo ndi shuga. Mgaiwa nawo anthu amaukweza mopitirira. Uli ndi gaga ndi mavitamini kuposa ufa woyera, inde, koma sitachi yake ikusiyana pang'ono chabe, pa magalamu 100 a ufa onsewo ali m'ma 70.

Mtedza tiuone paokha, poti inu mumaulima ndipo uli m'nkhokwe. Pa magalamu 100 muli mapuloteni 25, mafuta pafupifupi 49, sitachi 16 imene theka lake ndi gaga losagayika, ndi ma calorie (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) oposa 550. Dzanja limodzi ndi chakudya chabwino. Vuto ndi lichero limene limakhala pakhonde pamene mukusenda, dzanja likungopita kukamwa kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Pamenepo munthu amatha magalamu 200 osazindikira, ndipo ndi ma calorie oposa 1,000. Ngati sikelo yanu yaima, yambani mwayang'ana pamenepo. Ndipo poti tsopano mukudya mtedza ndi nsinjiro tsiku ndi tsiku, sankhani bwino: wofota, wosweka, wosintha mtundu, wowawa kapena wachuku tayani, musaupere kukhala nsinjiro monga ambiri amachitira atagulitsa wabwino. Chuku chimenecho chimapanga poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa.

Kumwa mafuta pa supuni musayambe. Kapepala kadzadadi, chifukwa chiwindi chidzasandutsa mafuta omwe mwamwawo kukhala ma ketone, koma a pamimba panu adzakhala osakhudzidwa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie pafupifupi 120 ndipo sikhutitsa. Chimene chimabweza matenda a shuga a mtundu wachiwiri m'mbuyo ndi kuchoka kwa mafuta m'chiwindi ndi m'kapamba. Pa kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka kumapeto kwa 2017, anthu 46 pa 100 alionse anafika pokhala ndi shuga wabwino popanda mankhwala patatha chaka, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa anali 86 pa 100. Onsewo anali asanapitirire zaka zisanu ndi chimodzi ndi matendawa, ngati inu, ndipo sanali pa keto, anangochepetsa kwambiri chakudya moyang'aniridwa ndi achipatala. Makilogalamu anayi amene mwataya kale ndi chiyambi chabwino, ngakhale kuti awiri oyambawo mwina anali madzi, popeza shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu akamatha amapita ndi madzi ake. Mafuta ophikira ndiwo, a mu peyala, a mu mtedza ndi a mu nsomba akukwanirani. Mafuta oundana a nkhumba ndi a ng'ombe musawachulutse, amakweza cholesterol yoipa ija kwa anthu ena, ndipo munthu wa shuga ali kale pa chiopsezo cha mtima ndi sitiroko.

Mchere uli ndi mbali ziwiri. Insulini ikatsika impso zimataya mchere ndi madzi, n'chifukwa chake masabata oyamba ena amamva mutu, chizungulire akadzuka mofulumira, ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo usiku. Msuzi wa mafupa wothira mchere pang'ono ndi madzi okwanira zimathandiza. Koma amene ali ndi BP asatengere malangizo a pa intaneti omwa madzi a mchere. Usipa wofutsa ndi nsomba zina zouma zimabwera ndi mchere wake kale, zitsukeni m'madzi ofunda musanaphike. Ngati mumamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa monga hydrochlorothiazide, yezetsani pafupipafupi, chifukwa thupi likamatsika BP nayo imatsika ndipo mlingo wakale ukhoza kukhala waukulu. Amene anadwalapo gout, kutupa kowawa kwa chala chachikulu cha kuphazi, achepetse tinsomba ting'onoting'ono, chiwindi ndi zam'mimba, adalire mazira, soya ndi mkaka. Kudzimbidwa kumathetsedwa ndi masamba ochuluka, therere ndi madzi. Kachasu ndi mowa wina uliwonse umaletsa chiwindi kupanga shuga, ndiye pa munthu wopanda nsima m'mimba amene wamwa glibenclamide, ukhoza kumugoneka osadzukanso, anthu n'kumati waledzera.

Tibwerere ku timapepala tija, ntchito yake yeniyeni ndi iyi. Pali ketosis ya kadyedwe, kukwera pang'ono kwa ma ketone m'magazi, imene insulini yochepa yomwe muli nayo imaigwira pa chingwe, ndipo pali ketoacidosis, pamene insulini yasoweratu, ma ketone akwera mosaletseka, magazi asanduka asidi. Yachiwiriyi imapha pa maola ochepa kapena masiku. Imakonda a mtundu woyamba, koma kuno ku Africa imagweranso akuluakulu ooneka ngati a mtundu wachiwiri, makamaka akadwala malungo, chibayo, chilonda cha kuphazi kapena kutsegula m'mimba. Tsiku limene mwadwala, yezani shuga ndi mkodzo. Shuga akapitirira 250, amene ndi 13.9 mu mmol, kapepala n'kuda kwambiri, kapena mukamasanza, m'mimba mukupweteka, ludzu losatha, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wa m'kamwa ukununkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kapena mutu ukusokonezeka, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mukamasanza kapena kutsegula m'mimba mpaka kutha madzi m'thupi, metformin amayamba waimitsidwa mpaka mutayambanso kudya ndi kumwa. Wobaya insulini asasiye jakisoni chifukwa choti sakudya. Pali mankhwala ena atsopano, empagliflozin ndi dapagliflozin, amene ena amagula m'mafamase a m'tauni. Amenewa ndi keto siziyendera limodzi, chifukwa amabweretsa ketoacidosis shuga ali wooneka bwinobwino pa makina. Mwana wanu akadzafuna kukutumizirani, adziwe zimenezi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana, ndi aliyense wowonda kale amene wapezeka ndi shuga, kadyedwe kameneka si kawo.

Mwina mudabwa kuti sitikukulimbikitsani kubwezeretsa ma ketone. Bungwe la American Diabetes Association linanena mu 2019 kuti pa njira zonse za kadyedwe, kuchepetsa sitachi ndi shuga ndiko kuli ndi umboni wochuluka wotsitsa shuga m'magazi, koma silinanene kuti munthu afike pa ketosis. Kudya sitachi yosapitirira magalamu 130 pa tsiku kumawerengedwa kale kuti n'kochepa. Pamenepo mungakhale ndi mtanda umodzi waung'ono wa nsima masana pa tsiku la ntchito yolemetsa, kachikho ka nyemba, ndi chipatso chimodzi chaching'ono. Ife timaona kuti kwa mlimi njira yapakatiyi ndi imene imakhalitsa. Ganizirani Januwale ndi Febuluwale, ndalama za fodya zitatha, nkhuku zitachepa, usipa utakwera mtengo. Ganizirani pamaliro ndi pachinkhoswe, pamene mbale ndi nsima ndi nyemba basi. Munthu amene anauzidwa kuti nsima ndi poizoni akafika pamenepo amagwa ulesi n'kubwerera ku mitanda itatu, ndipo ngati glibenclamide anachotsedwa, shuga amakwera kuposa kale. Ngati keto yeniyeni mukuikwanitsa, impso zili bwino, mankhwala akonzedwa, pitirizani. Ngati ikukulemerani, bwezerani mtanda umodziwo, muyambe kudya ndiwo ndi masamba nsima pambuyo, mukatha muyende mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako kamakina kakuuzeni patatha maola awiri.

Popita ku kiliniki tengani buku lanu, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo azitsamba, ndi pepala la masiku atatu kapena anayi lolembapo ola, chimene mwadya, ndi nambala ya shuga. Timizere tikachepa musamayeze m'mawa mokhamokha: lero yezani m'mawa ndi 11 koloko muli kumunda, mawa musanadye nkhomaliro ndi maola awiri mutadya, mkuja madzulo ndi pogona. Lembaninso masiku awiri aja munanjenjemera, ndi zimene munadya m'mawa mwake. Mukafunse zinthu zitatu: glibenclamide atani naye, creatinine ndi mkodzo ayeza liti, ndipo HbA1c mungakayezetse kuti.